Chaka Chimene Ababa Anakana Kuthamangitsa Lole

Fungo la saka lopserera likangondipeza, ngakhale lero ndi imvi zangazi, ndimabwerera ku Macheke, pa famu ya fodya pamene panakwiriridwa mchombo wanga. Si fungo labwino ayi, zimenezo sindikana. Ndi fungo la ulusi wouma utagundana ndi njerwa yotentha, kuphatikizapo dizilo pang'ono ndi fumbi la fodya lija lomwe limakanda kukhosi. Adzukulu anga akalimva amatseka mphuno n'kuthawa. Ine ndimaima nji, n'kulikoka lonse mpaka m'chifuwa, chifukwa fungo limenelo ndi la m'mawa umene mlongo wanga Esitere anapulumuka.

Anthu a ku Malawi akamakamba za chisanu ndimangowayang'ana. Bwerani ku Macheke mwezi wa Juni mudzaone chimene Ashona amati chando. Komboni yathu inamangidwa kumunsi, pafupi ndi dambo, kumene kuzizira konse kwa m'mapiri kunkatsikira ngati madzi. Tikadzuka tinkapeza udzu uli mbuu, ngati wina wamwazapo ufa usiku. Madzi a m'ndowa ankachita kachikopa kolimba pamwamba, ife ana n'kumakaswa ndi chala n'kumatafuna. Mapazi athu anali ming'alu yokhayokha, miyendo mawangamawanga chifukwa choothera moto pafupi. Simbi, chitsulo choitanira anthu kuntchito, ikalira, amayi a pa komboni ankatuluka atadzikulunga m'masaka, nthunzi ikutuluka m'kamwa, kulowera ku shedi yosankhira fodya. Kumeneko kokha ndi kumene kunali kofunda, chifukwa bhoila inkayaka kuti nthunzi yake ifewetse masamba. Ife tinkabisa mbatata m'phulusa la bhoilayo, ndipo mkulu woikoleza ankachita ngati sakuona.

Ine ndinali mwana wa mawu. Ndikunena mawu enieni, osati timawu ta anyamata a masiku ano tongonong'ona m'mafoni. Ndikaitana mnzanga kumunsi ku dambo, agalu a mzungu ankauwa kumtunda ku nyumba yaikulu. Aphunzitsi a kasukulu ka pa famu anandikhazika kumbuyo kwenikweni, komabe ankati ndikuwagonthetsa, ndipo mwina n'chifukwa chake sindinapite patali ndi mabuku. Komboni yonse inanditcha Hutala, ngati hutala ya galimoto, dzina langa la Damiyano n'kutsalira kwa amayi ndi ababa basi. Amayi ankadandaula kuti anabereka belu la tchalitchi. Tsiku silinkatha osandiuza kuti nditseke pakamwa.

Ababa ndiye anali osiyana nane ngati usiku ndi usana. Anabwera wapansi kuchokera ku Ntcheu ali mnyamata, nayamba ndi khasu, kenako thirakitala, mpaka anapatsidwa lole yonyamula mabelo a fodya kupita nawo ku okushoni ku Harare. Anali munthu wosalankhulalankhula. Nyengo ya chisanu anali ndi machitidwe awoawo amene anthu ankaseka. Dzuwa likamalowa ankafunditsa lole ngati mwana, saka pa boneti, saka lina pa galasi lakutsogolo, kuti chisanu chisagwire. Madzi otentha pa galasi ankakaniza, akuti limang'ambika. M'thumba la jasi simunkasowa mbatatesi, imene ankaidula pakati n'kupaka pa galasi kuti mpweya wa m'kamwa usalichititse khungu. Ndipo poti lole za nthawi imeneyo zinalibe chofunditsa mkati, ankaika njerwa pamoto wa bhoila, m'mawa n'kuzikulunga m'masaka kuti zifunditse miyendo ya okwera.

Koma chimene ankasekedwa nacho kwambiri chinali kayendetsedwe kawo. Madalaivala a mafamu oyandikana nafe ankabwerako ku Harare dzuwa lili pamutu, ababa n'kumafika nkhuku zikulowa. Anzanga ankandinena kuti lole ya bambo anga imapitiriridwa ndi njinga yakuphwa matayala. Ndinamenyana nawo kangapo pa nkhani imeneyi, ndipo ndinkawapambana, koma mumtima ndinkadziwa kuti akunena zoona. Ndinkafuna bambo wouluka, wosiya fumbi kumbuyo.

Chaka chimenecho Esitere anali atangosiya kuyamwa. Kanali kamwana konenepa masaya, kokonda kunditsata paliponse katagwira kabudula wanga kumbuyo. Anayamba ndi chimfine monga ana onse a pa komboni. Amayi anamufukiza ndi masamba a bulugama, anamupaka mafuta pachifuwa, koma chifuwa chinatsika. Thupi linatentha ngati mbale yapamoto. Anasiya kulira, ndipo zimenezo ndi zimene zinaopsa amayi koposa. Popuma nthiti zinkalowa mkati, kamphuno kakutukuka, kukhosi kukumveka kaphokoso ngati munthu akucheka thabwa lonyowa. Amayi achikulire oyandikana nafe atamuona anangoti ndi chibayo, ndipo akapanda kufika ku chipatala cha ku Marondera, tsiku lotsatira silidzamuthera. Mwayi wake lole inali itapakiridwa kale mabelo kuti inyamuke m'bandakucha, ndipo msewu wa ku Harare umadutsa pa Marondera pomwepo. Foromani analola kuti amayi ndi mwana akwere.

Kutangoyamba kuyera tinatuluka panja, ndipo panja panalibe. Ndikunena zoona. Nkhungu inali itameza komboni yonse, nyumba ya oyandikana nafe osaoneka, mtengo wa mango wa pakhomo pathu osaoneka. Munthu ukatambasula mkono, zala zinkaoneka ngati za wina. Kankagwa kamvula kosamveka kaja Ashona amati guti, kongonyowetsa nsidze ndi tsitsi. Ababa anaima pakhomo kuyang'ana kumwamba nthawi yaitali, kenako anandiuza kuti ndivale malaya onse amene ndinali nawo, ndikwera nawo. Mnyamata amene ankawathandiza pa lole anamusiya. Kutsogolo kunalibe malo a akulu atatu, koma kamwana ngati ine kakanakwanira pa windo.

Amayi anafika pa lole ali ndi Esitere kumsana, m'manja atanyamula mbaula ya makala oyaka bwino, ofiira psuu. Ankafuna kuiika pansi pakati pa miyendo, titseke mawindo onse, mwana afunde. Mayi aliyense wa pa komboni akanachita chomwecho. Ababa anaima pa chitseko.

"Mbaulayo itsale, amake Damiyano."

"Mwanayu afe ndi mphepo? Mwamugwira mapazi mmene azizirira?"

"Ndamugwira. Mbaulayo itsale."

Sanakweze mawu. Anatenga mbaula ija m'manja mwa amayi, naiika pansi pambali pa shedi, n'kubweretsa njerwa zawo zokulunga m'masaka. Ina anaiika pamiyendo pa amayi, pansi pa bulangete la mwana, ina kumapazi. Saka lina linali litayamba kupserera pakona, ndipo fungo lake linadzaza mkati monse. Pambuyo pake ndinadzamva kuti ali mnyamata ku Trelawney, ababa anatsegulapo chitseko cha lole m'mawa wina n'kupeza anzawo awiri amene anagona ndi mbaula atatseka mawindo. Anali atakhala bwinobwino ngati akugona, koma sanadzukenso. Tsiku limenelo ine sindinkadziwa zimenezo. Ndinangoona bambo akulanda moto kwa mwana wodwala.

Atatero anatsitsanso galasi la windo la kumanzere mpaka pansi. Amayi anachita kufuula. Ababa anaphimba mutu wa Esitere ndi jasi lawo lomwe, iwo n'kutsala ndi shati, ndipo anandiuza ntchito yanga. Ndigwade pa mpando, nditulutse mutu ndi mapewa kunja, maso anga akhale pamene msewu ukuthera ndi pamene udzu ukuyambira. Tayala likayandikira udzu ndinene, likatalikira ndinene. Iwo kumbali kwawo sankaona m'mphepete. Hutala ya loleyo inali itafa kalekale.

"Lero usachepetse mawu," anatero. M'moyo wanga wonse palibe munthu anali atandiuzapo zimenezo.

Tinanyamuka. Ndati tinanyamuka, koma tinkakwawa. Ababa anayatsa nyali zapansi zokha, chifukwa zazikulu zikagunda nkhungu kuwala kumabwerera m'maso ngati khoma lopakidwa laimu. Kutsogolo kunkaoneka kadera kakang'ono ka dothi lofiira, kokwana mphasa ziwiri, kenako kuyera kopanda malire. Mphepo inandiluma makutu mpaka ndinasiya kuwamva. Misozi inkatuluka yokha n'kumazizira pamasaya, mamina osawasamala. Koma ndinkakuwa. "Udzu, ababa! Kumanja! Basi, pomwepo!" Mawu anga ankapita mu nkhungu n'kubwerera. Pa kamlatho ka pa dambo, kopanda zitsulo m'mbali, ndinkaona madzi akuda pansi penipeni pa chibwano changa, tayala likudutsa m'mphepete mwa simenti. Mabelo kumbuyo ankalira m'zingwe zake. Ababa dzanja limodzi pa siteringi, lina likupaka mbatatesi pa galasi, nkhope pafupi ndi galasilo ngati akufuna kulinunkhiza.

Titafika pa katara kopapatiza kolowera ku msewu waukulu, amayi anayembekeza kuti tsopano tithamanga. Ine ndemwe ndinayembekeza chomwecho. Ababa anakweza giya imodzi yokha. Kumbuyo kwanga ndinkamva kupuma kwa Esitere, ndipo nthawi zina kunkaduka, mtima wanga n'kuima mpaka kuyambirenso. Amayi anayamba ndi kupempha, mwaulemu, monga mwa masiku onse. Kenako ulemu unatha.

"Abambo ake Damiyano, pondani! Ngolo ya abulu ikanafika kale. Mukusamala mabelo a mzungu, mwana wanu akutha m'manja mwanga muno?"

Ababa anangoyang'ana kutsogolo. Sanatembenuke n'komwe. Mawu a amayiwo anandilowa ine, ndipo ndinawakhulupirira. Ndinati zoonadi, akuopa kugwetsa fodya, akuopa kuchotsedwa ntchito. Mutu uli kunja choncho ndinalira ndi ukali, ndipo pokuwa "udzu" ndinkakuwa ngati ndikuwatukwana.

Chimene chinandipeza poyamba chinali fungo. Ndowe zatsopano, zofunda, pakati pa mphepo yozizira ija. Kenako ndinamva kutsokomola, kwakuya, ngati kwa nkhalamba yosuta chingambwe. Mwana wa pa famu amadziwa kutsokomola kwa ng'ombe. Maso sanaone kanthu, koma pakamwa panatseguka pokha.

"Imani! Ababa, imani! Ng'ombe!"

Mawu amenewo ndikukhulupirira anamveka mpaka pa siteshoni ya Macheke. Ababa sanaponde buleki kamodzi ngati wodzidzimuka, poti tara inali yonyowa ndipo katundu anali wolemera. Anaponda n'kusiya, kuponda n'kusiya, giya n'kutsitsa, lole ikubuula. Inaima. Patsogolo pa boneti, pafupi moti ndikanaigwira ndi ndodo, panagona ng'ombe yakuda, yaikulu, ikubzikula, maso ake akuwala ndi nyali zathu. Kumbuyo kwake kunali ina, ndi ina, msewu wonse mbali ndi mbali. Zinali zitadutsa pa waya woduka n'kudzagona pa tara. Nditatsika ndi mapazi anga opanda nsapato ndinamvetsa chifukwa chake. Udzu unali wolasa ngati singano ndi chisanu, koma tara inali itasungako kutentha kwa dzuwa la dzulo.

Ababa anakhotetsera lole pambali, nandiuza kuti ndizithamangitse. Pamenepo ndiye ng'ombe zija zinamudziwa Hutala. Zinadzuka mwaulesi, mawondo akutsogolo pomalizira, nthunzi ikufuka pamisana. Mpata wodutsa utapezeka ndinathamangira ku lole, koma ababa anandibweza. Anati zonse zilowe kuseri kwa waya, kumbuyo kwathu kukubwera basi ya m'mawa yodzaza anthu. Iwo anatsika ndi shati lokha, nakoka waya uja, naupotokola pa mtengo ndi manja. Sizinatenge nthawi, koma kwa ine zinali ngati chaka.

Titakweranso amayi anayang'ana pamene panagona ng'ombe yakuda paja, pa tara pali chizindikiro chouma chofanana ndi thupi lake. Lole itayamba kuyenda, anatambasula dzanja, natenga mbatatesi ija pamwendo pa ababa, nayamba kupukuta galasi kumbali ya ababa, kuti manja onse awiri akhale pa siteringi. Anapukuta choncho njira yonse, dzanja lina litafungatira mwana. Sindinawamvepo akupepesana, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Pa msewu waukulu nkhungu inayamba kung'ambika. Dzuwa linatuluka lofooka, loyera ngati mbale ya enamulo, mitengo ya bulugama n'kumaoneka mitu yokha. Pamene maso anayamba kuona patali, phazi la ababa linatsika, ndipo ndinadabwa kuona kuti lole ija inkatha kuthamanga. Inathamanga mpaka zingwe za mabelo zinaimba. Ndinabweza mutu mkati, nkhope itauma ngati chikuni, amayi n'kundiika njerwa ija pamasaya. Inali idakali yofunda.

Pa chipatala amayi anatsika lole isanaime bwino. Namwino wina wamtali atangomva kupuma kwa mwana sanafunse zambiri, anamulanda n'kuthamanga naye mkati. Ine ndinawatsatira mpaka pa khomo, kenako ndinazindikira kuti ababa sanatsike. Ukali uja unabwereranso. Ndinabwerera ku lole kuti ndikawaone bambo osalowa n'komwe kukaona mwana wawo. Ndinawapeza atakhala chomwecho, injini itazima, manja ali pa siteringi. Shati lawo linali litanyowa lonse kumsana, ndipo m'kuzizira kumene kuja, nthunzi inkafuka pa iwo ngati pa ng'ombe zija. Ankayesa kuchotsa zala pa siteringi, koma zinkakana. Anachita kuzitambasula chimodzichimodzi ndi chibwano.

"Tanditsegulira chitseko, mwana wanga," anatero. Ndinatsegula. Potsika anatsamira paphewa langa. Anali olemera.

Esitere anakhala m'chipatala mpaka chisanu chinayamba kutha. Ulendo uliwonse wa ku Harare ababa ankaima pa Marondera kusiya ufa ndi nkhuni, ndipo Loweruka ankanditenga. Ndinamuona mlongo wanga akuyamba kukhala tsonga, kenako kudya phala, kenako tsiku lina anandikoka kabudula. Anabwerera ku komboni mphepo ya Ogasiti itayamba kuulutsa fumbi, mitengo ya msasa itavala masamba ofiira. Anali ataonda, masaya atapita, koma anatsika lole ndi miyendo yake. Amayi a ku tchalitchi anamulandira ndi nthungululu. Ine ndinali nditaifalitsa kale nkhani komboni yonse, ndipo tsiku lililonse ng'ombe zija zinkachuluka. Palibe amene ankanenanso za njinga yakuphwa matayala pamaso panga. Amayi nawo anasiya kunditseka pakamwa, kupatula m'tchalitchi.

Ndinakula, nane ndinagwira siteringi. Ndinayendetsa thirakitala, kenako lole, ku Macheke ndi ku Tengwe, mpaka mafamu anagawidwa ife n'kutsala ndi maganyu m'minda ya eni atsopano. Ndayenda mu nkhungu, mu utsi wa moto wolusa m'tchire, mu fumbi la Julayi. Sindinagwetsepo galimoto, sindinagundepo ngakhale mbuzi, funsani aliyense. Mpaka lero ndikakwera kombi, kaminibasi konyamula anthu, m'mawa wa chisanu, dalaivala wachinyamata akamaponda ngati ali ndi moyo wina kunyumba, galasi lachita khungu, mawindo onse otseka, ndimalankhula. Amati madala awa ndi aphokoso. Ndimati inde, tsegula windo pang'ono, tsitsa nyali, chotsa phazi. Ena amamva.

Esitere ali ku Tengwe, ali ndi adzukulu tsopano, masaya anabwerera. Amandiimbira foni Lamlungu, ndipo sipatha nthawi asanati, "Achimwene, chepetsani mawu, foni ili pakhutu." Ndimamuuza kuti mawu amenewa ndi amene anamusunga, iye n'kuseka. Sindinama. Ndinakuwa ndine, ndipo ng'ombe ndinazimva ndine.

Koma ndili mwana ndinkaganiza kuti nkhani yonse ndi imeneyo, kuti ine ndinapulumutsa banja pamene ababa ankasamala fodya. Nditagwira siteringi ndekha ndinadziwa kuti lole yodzaza ikamathamanga pa tara yonyowa, ungakuwe mpaka kukhosi kung'ambike, siima pamene mawu athera. Inaima chifukwa inali ikuyenda pang'onopang'ono kuchokera pa komboni. Munthu uja ankamva kupuma kwa mwana wake kukuduka pambali pake, ankamva mkazi wake akumunena mawu olasa, phazi lili pamwamba pa chopondera, ndipo sanalitsitse. Anagona kalekale m'manda a pa famu ija, pamene lero pali chimanga cha munthu wina. Sindinawathokoze ali moyo, poti kwathu mwana sankanena zotero kwa bambo ake. Koma chisanu chikafika ndimaika njerwa pamoto, n'kuikulunga m'saka, n'kuisiya ipserere pang'ono pakona.